Madishi a ku Mwanza Sayang'ana Kumodzi

Mukachoka pa Zalewa n'kulowa msewu wa M6, mukawoloka Lisungwi n'kuyamba kukwera zitunda, posakhalitsa mumafika pa boma la Mwanza, pamene amayi amakuchingamirani ndi madengu a manachesi. Tsiku lina mukadzafika, mudzakweze maso muone madishi amene ali pamadenga ndi m'makoma. Sayang'ana kumodzi. Ena anapenya kumpoto atagadama kwambiri, ena anapenya kummawa ataweramako pang'ono. Mlendo angaganize kuti okhoma madishi a kuno sadziwa ntchito. Ine ndine mmodzi mwa okhomawo, ndakalamba ndi sipanala m'thumba, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa.

Dishi yopenya kumpoto imakhala ikutapa kuchokera ku setilaiti ya Eutelsat imene ili pa madigiri 36, pafupifupi pamwamba penipeni pa mitu yathu. Kumeneko n'kumene kumachokera DStv yogulitsidwa ku Malawi. Yopenya kummawa imatapa ku setilaiti ya Intelsat, pa madigiri 68.5, imene inakonzedwera anthu a ku South Africa. Zonse ziwiri zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera pansi pano, ndipo zimayendera limodzi ndi kuzungulira kwa dziko, n'chifukwa chake dishi ukaimanga bwino sufunikanso kuigwedeza. Siginolo yochokera kumeneko imagwa ngati mvula, sisankha denga. Imagwa pa Sunnyside ku Blantyre, imagwa kwa Kanduku, imagwa ku Thambani, imagwanso kutsidya ku Zobue. Chimene chimasankha ndi anthu: amene amalemba malire a malonda, amene amaika mitengo, amene amasankha pomanga ofesi ndi pokoka mawaya a magetsi. Anthu amenewa akamalemba, Mwanza nthawi zonse imagwera m'mphepete mwa pepala. Komatu mbali yaikulu ya ma TV, madikoda ndi madishi amene afalikira m'Malawi muno inalowera pachipata chathu chomwechi.

Ana a masiku ano savomereza ndikawauza kuti ndinakula m'dziko lopanda kanema. Southern Rhodesia inayamba kuonetsa kanema mu 1960, Northern Rhodesia mu 1961, South Africa mu 1976, ndipo ngakhale Mozambique, ili pankhondo, inayamba kuyesa mu 1981. Ife boma la Kamuzu Banda silinafune. Tinali ndi MBC, wailesi imodzi, mawu amodzi. Anthu a ku Mwanza timadziwa bwino kuposa ena kulemera kwa mawu amodzi, chifukwa mu May 1983 mitembo ya Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga inapezeka m'galimoto kuno kwathu, mumsewu wa ku Thambani, ndipo wailesi inauza dziko kuti inali ngozi. Akuluakulu a kuno ankadziwa kuti si ngozi, koma ankangoyang'anana. Bambo anga ankatsitsa mawu a wailesi usiku n'kumasaka masiteshoni akunja, ndipo pamalire pano kusaka koteroko sikunali kovuta. Radio Moçambique ya ku Tete inkalankhula Chinyanja ndi Chinyungwe, wailesi ya ku Johannesburg imene inadzatchedwa Channel Africa inalinso ndi nthawi yake ya Chinyanja. Chizolowezi chotchera khutu kunja kwa malire tinachiphunzira pa wailesi, dishi isanabwere.

Zithunzi zoyenda tinkaziona galimoto yachikasu ya a zaulimi ikabwera kudzaonetsa filimu ya kabzalidwe ka chimanga pabwalo la sukulu. Kenako kunabwera mavidiyo, ndipo anabwera ndi mathiraki. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inasandutsa msewu wa ku Tete njira ya imfa. Mathiraki ankayenda pamndandanda, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza, ndipo madalaivala ankagona pano masiku angapo kudikira ulendo. Amene ankabwerako amoyo kuchokera ku Harare ankabwera ndi katundu wobisa kuseri kwa mpando: makina oonetsera vidiyo, ka TV kakang'ono, makaseti a Bruce Lee, Chuck Norris ndi Rambo, ndiponso a kwasakwasa wa Kanda Bongo Man ndi Pepe Kalle. Lamulo la 1968 loyang'anira zoonetsa linalipo ndithu, koma a Censorship Board anali ku Blantyre. Nyumba za vidiyo zinamera pamsika, zotchingidwa ndi mphasa ndi zofunda zakuda, jenereta ikulira kuseri. M'menemo tinkakhala thithithi pamabenchi, ife ana a kuno pamodzi ndi ana a othawa nkhondo amene anadzaza boma lino nthawi imeneyo, fungo la thukuta ndi petulo lili ponseponse. Malume anga anali ndi nyumba yoteroyo, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kubweza kaseti ndi cholembera pofuna kusunga mafuta a jenereta. M'menemo ndi mmene ndinaphunzirira kugwira waya.

Nkhondo itatha mu October 1992, msewu unatseguka. Mu 1994 Malawi inasankha Bakili Muluzi, South Africa inasankha Nelson Mandela, ndipo mabasi a ku Joni anayamba kudzaza. Aliyense wobwerera kumudzi ankafuna kutsika ndi katoni yaikulu. Pachipata pano tinkaona makatoni a ma TV akutsitsidwa, kuwerengedwa msonkho, n'kukwezedwanso kupita ku Mangochi, ku Mzimba, ku Nkhata Bay. TV inafika m'nyumba zambiri siteshoni yoti ionetse isanabadwe.

Siteshoniyo inabadwa pa 1 April 1999, Television Malawi, ikuulutsa kuchokera ku Kwacha mu Blantyre kwa maola ochepa madzulo. Tinasangalala kwambiri. Kuona munthu akuwerenga nkhani m'Chichewa pagalasi linali tsiku lalikulu, ndipo sindidzalichepsa. Koma mafunde a kanema wa eriyo amayenda mowongoka, sakhota phiri. Pakati pa ife ndi Blantyre pali makilomita pafupifupi 100 pamsewu, chigwa cha Shire, ndi zitunda zathu zimene zimalumikizana ndi mapiri a Kirk Range. Amene nyumba yake inali pamsana pa chitunda moyang'ana kummawa ankaona chithunzi. Amene anali kuseri ankangomva mawu, nkhope zili zosazindikirika, timadontho toyera tikuvina pagalasi. Ntchito yanga yoyamba yolipidwa inali yolumikiza nsungwi ziwiri kapena zitatu, kumangirira eriyo pansonga, n'kuimika. Mwana mmodzi ankakhala pawindo, ine ndili panja ndikupotokola nsungwi.

"Apo! Apo, achimwene! Ayi, yathawanso. Bwezani pang'ono!"

Mphepo ya mwera ikawomba usiku, mmawa ankandiitananso. Mu 2003 aphungu a Nyumba ya Malamulo analamula kuti TVM isiye kuonetsa Big Brother Africa ponena kuti ikuwononga chikhalidwe, ndipo khoti lalikulu linadzachotsa chiletsocho. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe anthu anakangana kwa masabata. Kuno ambiri ankangomva mkanganowo pa wailesi, chifukwa chimene chinkaletsedwacho sichinkaoneka n'komwe m'nyumba zawo.

DStv inali itayamba kale mu 1995 ku South Africa, ndipo MultiChoice Malawi inatsegulidwa chaka chotsatira. Koma m'zaka zoyambirirazo inali ya mabwana: malo ogona alendo, maclearing agent akuluakulu, akuluakulu a boma. Madishi oyamba anali aakulu, oti amuna anayi anyamule, ndipo mtengo wake unkaposa malipiro a mphunzitsi a miyezi yambiri. Chimene chinasintha miyoyo ya anthu wamba chinali kabokosi kena kotchipa, dikoda ya free-to-air. Mayina ake tinkawatchula ngati a abale athu: Philibao, Wiztech, Fortec Star. Ukagula kamodzi, basi, palibe kulipira pamwezi. Ndi dishi ya masentimita 90 yopenya kummawa, kuno kummwera munthu ankagwira SABC 1, SABC 2 ndi SABC 3 zoyera bwino kuposa mmene TVM inaonekerapo pa eriyo.

Nthawi imeneyo ndiyo inali ya dzinthu pa ntchito yathu. Ndinkadzuka m'mamawa ndi makwerero panjinga, thumba la mabawuti ndi ka TV kakang'ono koyesera, kubwerako dzuwa litalowa. Kachipangizo kosakira siginolo ndinadzagula mochedwa. Poyamba ndinkadalira dzuwa ndi maso. Ndinkadziwa kuti dishi ya ku Joni iyenera kupenya chakumpoto pang'ono kwa kumene dzuwa limatulukira, ndiye n'kumakankha pang'onopang'ono, chala chimodzi, chala chimodzi, mpaka mzere wa pagalasi utakwera. Kenako kupotokola LNB, kachipangizo kamene kamakhala pansonga pa mkono wa dishi, mpaka chithunzi chitaleka kuduka. Waya uyenera kupindika pansi usanalowe m'khoma kuti madzi a mvula adonthere panja. Pa nyumba ya zidina zosawotcha sukhoma pakhoma, umakumba dzenje n'kuimika chitsulo ndi simenti. Kumidzi kopanda magetsi tinkalumikiza ku batire la galimoto, limene mwana ankalikweza panjinga kukalitchajitsa pa boma kawiri pa sabata. Zonsezi palibe sukulu imene inatiphunzitsa. Tinkaphunzitsana tokhatokha, ndipo zina tinazitola kwa anzathu a ku Zimbabwe amene ankadutsa pano, chifukwa kwawo madikoda amenewa anali atafala kale.

Mwanza inasanduka kachigawo ka Johannesburg madzulo aliwonse. Ikakwana nthawi ya Generations amayi ankaphula ndiwo msanga. Muvhango ndi Isidingo zinali ndi anthu ake. Ana anayamba kulonjerana m'Chizulu, anyamata ankadziwa osewera a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates kuposa a Bullets ndi Wanderers. Mabanja amene anali ndi mwana ku Joni ankaonera nkhani za SABC ndi mtima m'mwamba, makamaka mu May 2008 pamene alendo ankamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba kumeneko. Ndikukumbukira mayi wina wachikulire amene anabwera kwathu usiku ndi nyali, dikoda yake itazima.

"Mwanangu, tiyeni mukandikonzere lero lomwe. Mng'ono wanu ali ku Alexandra, foni sakuyankha. Mwina ndimuona pamenepo."

Ndinapita. Patatha masiku ochepa mabasi onyamula obwerera kwawo anayamba kudutsa pachipata pomwe pano, anthu ali ndi tizikwama ta m'manja tokha. Zimene tinaona pagalasi zinatipeza pamsewu. Pa madikoda omwewa panalinso matchanelo a mapemphero, makamaka Emmanuel TV ya T.B. Joshua wa ku Nigeria, ndipo m'nyumba zambiri ndinkapeza anthu odwala atagonekedwa pamphasa pafupi ndi TV. Mu 2010, chaka chimene Flames inagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola ndiponso mpikisano wa mpira wa dziko lonse lapansi unachitikira ku South Africa, madishi anatha m'masitolo.

Koma zonsezi sizinali zathu. SABC sinkaulutsira ife. Kampani ya boma la South Africa yotchedwa Sentech inkatumiza matchanelowo pa setilaiti kuti afike kwa nzika zawo za kumidzi yakutali kumene eriyo sinkagwira, ndipo loko amene anaikapo anali wofooka, madikoda otchipa aja ankangomutsegula. Ife tinkatola zogwera kuseri kwa mpanda. Siteshoni ina ya ku Gaborone, eBotswana, inadandaula kukhoti ku Johannesburg kuti anthu a ku Botswana akuonera SABC mwaulere m'malo moonera iyo, ndipo otsatsa malonda akuithawa. Mu 2012 khoti linalamula Sentech kuti itseke mpatawo. Chakudza sichiimba ng'oma. Pakati pa chaka cha 2013 anthu anayatsa ma TV awo n'kupeza mdima pa matchanelo onse atatu, kuyambira ku Bulawayo mpaka ku Karonga.

Foni yanga inalira tsiku lonse. Anthu ankaganiza kuti dishi yasuntha, ena ankati ndinawakhomera zachinyengo. Ndinayenda nyumba ndi nyumba kufotokoza mlandu wa pakati pa makampani awiri a mayiko ena, woweruzidwa mumzinda umene ambiri a iwo sanaupondepo. Pa mlanduwo panalibe amene anayankhulira mayi wa kwa Nthache amene anagulitsa mbuzi kuti agule dikoda. Sindikunena kuti khoti linalakwa. Mwini filimu ali ndi ufulu wogulitsa filimu yake dziko ndi dziko, ndipo wogula ufuluwo ku Botswana anali ndi chifukwa chodandaulira. Chimene chinandiwawa n'chakuti panalibe khomo lina lolowera mwachilungamo. Ngakhale munthu atanena kuti ndalama ndili nayo, ndilipira, DStv yogulitsidwa ku Malawi ilibe SABC 1, 2 ndi 3, chifukwa ufulu wa mapulogalamu ake umathera pa Limpopo. Kampani ndi yomweyo, chizindikiro pa dishi n'chomwecho, koma mndandanda wa matchanelo ndi wina. Wa ku Soweto ndi wa ku Mwanza onse ndi makasitomala, koma salandira zofanana.

Apa ndi pamene madishi a kuno anagawikana. Ena anatembenuzira kumpoto n'kuyamba kulipira pamwezi, ngakhale kuti kwacha inali itangogwa mu May 2012 kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Ena anasiya dishi ili kummawa n'kutuma m'bale wa ku Joni kuti awagulire dikoda yolembetsedwa pa adiresi ya kumeneko, kaya ya DStv ya ku South Africa kaya ya OpenView imene inayamba kumapeto kwa 2013 yomweyo. Malamulo a makampaniwo salola zimenezi, ndipo nthawi ndi nthawi amazimitsa madikoda amene awazindikira kuti ali kunja. Koma pamalo pamene mabasi a ku Johannesburg amaima tsiku ndi tsiku, n'kovuta kuuza munthu kuti chinthu chimene mwana wake akuonera ku Joni iye sayenera kuchiona. M'mabala ena munalowa madikoda a ZAP ochokera ku Tete, ndipo mpira tinayamba kuuonera wofotokozedwa m'Chipwitikizi. Palibe amene ankadandaula. Kuno Chipwitikizi si chachilendo m'makutu.

Amene anasankha njira yowongoka anakumana ndi vuto la mtunda. Maofesi a makampani a kanema wolipira anali mumzinda. Airtel Money ndi TNM Mpamba zisanafale, kulipira kunali ulendo: kukwera minibasi kupita ku Blantyre, kapena kupatsira kondakitala ndalama ndi nambala ya khadi atakulunga papepala, n'kumadikira madzulo kuti chithunzi chibwere. Nthawi zina ndalama ya ulendo inkafanana ndi ya malipiro a mweziwo. Dikoda ikafa, wa mumzinda ankapita nayo pa nthawi ya nkhomaliro n'kubwera ndi ina. Wa kuno ankataya tsiku lathunthu, ndipo nthawi zina ankauzidwa kuti abwerenso mawa. Ndinaperekezapo mphunzitsi wina wopuma pantchito pa ulendo woterowo ku ofesi ina, ndipo pobwerera anakhala chete mpaka pa Zalewa. Kulipira pafoni kunachotsa gawo lalikulu la mtolo umenewu, ndipo ndimayamika. Koma masiku amene mvula yamphamvu yatseka siginolo, kapena magetsi azima, amawerengedwabe m'masiku 30 aja, kaya uli ku Namiwawa kumene kuli jenereta kaya uli kwa Govati.

Panabweranso kusintha kwina kumene ambiri sakumvetsa mpaka lero. Mayiko anagwirizana kudzera ku bungwe la ITU kuti pofika pa 17 June 2015 kanema wa eriyo asamukire ku digito. Boma linakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited ndi dikoda yake ya Kiliye Kiliye, MultiChoice nayo inabweretsa GOtv, yotchipa kuposa DStv. Inali nthawi yabwino chifukwa masiteshoni a kwathu anali atachuluka: Times, Zodiak, Luntha ya ku Balaka, Mibawa ndi ena, pambali pa TVM imene boma la Bingu wa Mutharika linaiphatikiza ndi MBC. Koma Kiliye Kiliye ndi GOtv si za setilaiti. Zimadalira nsanja zapansi, ndipo nsanjazo zinayambira m'mizinda ikuluikulu, maboma akutali n'kumadikira. Digito ilinso ndi khalidwe lake. Kanema wakale siginolo ikachepa ankakupatsabe chithunzi chofooka, n'kumaonera choncho. Wa digito amakupatsa chithunzi choyera kapena sakupatsa kanthu. Nyumba zimene zili kuseri kwa zitunda, zimene zinkapirira ndi timadontho tija, zinatsala ndi galasi lakuda. Zotsatira zake n'zakuti njira yotchipa inapita kwa anthu a mumzinda amene ali ndi ndalama zochulukirapo, ndipo wa kumudzi anatsala ndi dishi, njira yodula. Azam TV ya ku Tanzania, Zuku ya ku Kenya ndi StarSat ya kampani ya ku China ya StarTimes zitalowa, mitengo ya dishi inatsikako, ndipo makasitomala anga ambiri a kumidzi ali kumeneko.

A ku China anabweranso ndi mphatso. Pa msonkhano wa ku Johannesburg mu December 2015, Xi Jinping analonjeza kanema wa setilaiti kwa midzi 10,000 ya mu Africa, ndipo Malawi inapatsidwa midzi 500 m'gawo loyamba, ndi ma TV ndi masola oikidwa m'malo osonkhanira anthu monga masukulu ndi zipatala. Maganizowo anali abwino chifukwa anazindikira kuti vuto la kumudzi limayambira pa magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Mwanza lili ndi anthu pafupifupi 130,000, ndipo m'dziko lonse ndi nyumba imodzi yokha mwa nyumba pafupifupi 10 imene inali ndi magetsi a mawaya. Kumidzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Ife tili pafupi ndi Nkula ndi Tedzani pamene magetsi a dziko lino amapangidwira, ndipo mawaya akuluakulu ochokera ku Matambo ku Mozambique kupita ku Phombeya adutsa m'minda yathu. Komabe dishi zambiri zimene ndakhoma kunja kwa boma zimayendera sola ndi batire. Chipangizo cha mphatso chikawonongeka, funso limakhala lakuti akonze ndani, ndipo ndalama yake ichokera kuti.

Usiku wa pa 25 January 2022 sindidzauiwala. Namondwe wa Ana anali atangowononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lili mumdima, ndipo Flames inkasewera ndi Morocco ku Yaoundé m'ndime imene Malawi inali isanafikepo. Usiku umenewo amene tinazolowera batire ndi jenereta ndife tinali okonzeka. Anthu anadzaza m'nyumba za vidiyo zimene tsopano zimaonetsa mpira, ena atakwera pamawindo. Gabadinho Mhango atamenya mpira uja kuchokera kutali n'kugwedeza ukonde, phokoso linamveka mpaka kuchipata, madalaivala a mathiraki akuliza mahutala. Tinagonja 2-1, koma anthu anabwerera kwawo m'matope akuimba.

Chaka chotsatira chinationetsa kuti Blantyre nayo ili m'mphepete mwa pepala la wina. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 limapatsa bungwe la MACRA mphamvu yovomereza mitengo isanakwere. Mu January 2023 MACRA inalipiritsa MultiChoice Malawi chindapusa cha K10 miliyoni chifukwa chokweza mitengo ya DStv popanda chilolezo. MultiChoice Malawi inkati si iyo imene imaika mitengo, iyo imangotolera ndalama; woika mitengo ndi MultiChoice Africa Holdings, imene ili kunja kwa dziko lino. Mitengo itati ikwerenso, MACRA inakatenga chiletso kukhoti lalikulu ku Lilongwe. Pa 8 August 2023 kampani ya kunjayo inalengeza kuti yachotsa DStv m'Malawi, kuti anthu asalipirenso, ndipo amene analipira kale aonera mpaka masiku awo atatha, osapitirira pa 10 September. Ligi ya ku England inali ikuyamba sabata yomweyo.

Eni nyumba zoonetsera mpira anagwira njakata. Amenewa ndi anthu amene amadyetsa mabanja ndi ndalama za pakhomo, ndipo mnyamata wogulitsa chiwaya panja, mtsikana wogulitsa mandasi ndi wa kabaza amene amadikira mpira uthe, onse amadya pomwepo. Kwa nthawi yoyamba anthu a ku Blantyre ndiwo ankaimbira ife mafoni.

"Madala, kumeneko muli pafupi ndi Zobue. Palibe njira yoti tilembetse cha ku Mozambique?"

Setilaiti inali pomwe ija, siginolo ikugwabe padenga lililonse. Chinasintha ndi dzina la dziko limene lalembedwa pa akaunti. Khoti litapereka chigamulo chake, DStv inabwerera mu December 2023, kwacha itangogwanso ndi 44 peresenti mu November. Pa mkangano umenewu ndimamvetsa mbali zonse. Kampani imagula ufulu woonetsa mpira ndi madola, ife timalipira makwacha amene amasungunuka chaka ndi chaka. Nalonso boma liyenera kuteteza anthu ake kwa wamalonda amene alibe wopikisana naye pa mpira wa ku England. Koma pa miyezi inayi imeneyo ndinaona kuti msika wathu ndi waung'ono moti mwini katundu akhoza kuutseka tsiku limodzi osamva kuwawa kwenikweni, ndipo mkati mwa msika waung'onowo Mwanza ndi kachidutswa kakang'ono koposa.

Pali chinanso chimene chimandivuta kuposa mitengo. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikubweretsa zithunzi m'nyumba za anthu, Mwanza ndaiona pagalasi kangati? Imaoneka pamene agwira anthu olowa m'dziko mozemba, pamene matankala a mafuta aima pamzere, pamene nduna yabwera kudzayendera chipata, kapena monga mu 2016 pamene othawa nkhondo a ku Tete anadzaza pa Kapise. Wojambula amabwera mmawa kuchokera ku Blantyre n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Mlimi wa manachesi amene zipatso zake zimawolera pansi pa mtengo mu June chifukwa chosowa fakitale saoneka. Magule a kuno saoneka. Mwana wa kwa Kanduku amadziwa misewu ya Lagos ndi Soweto, koma sanaonepo mudzi wake pa TV imene bambo ake amalipira mwezi ndi mwezi. Anyamata ena ayamba kujambula okha ndi mafoni n'kumaika pa Facebook ndi TikTok, ena pogwiritsa ntchito khadi la Movitel ya ku Mozambique chifukwa m'midzi ina ya m'malire ndiyo imagwira bwino. Ndimawalimbikitsa, ngakhale ndikudziwa kuti foni yomweyo ndiyo ikuchepetsa ntchito yanga.

Ntchito ilipobe, koma yasintha. Masiku ano munthu akabwera kuchokera ku Thambani kapena kumalire a Neno kudzafunsa dikoda yoti agule, sindiyamba ndi dzina la kampani. Ndimamufunsa ngati ali ndi magetsi kapena sola, ndi kukula kwa batire lake. Ndimamufunsa ngati nyumba yake ili pamwamba kapena kuseri kwa chitunda, kuti ndidziwe ngati eriyo ingagwire n'kumupulumutsa ku dishi. Ndimamufunsa amene adzaonere kwambiri, ana, amayi kapena iye mwini ndi mpira wake. Kenako ndimamufunsa ndalama imene angathe kutulutsa mu February, nkhokwe ikapepuka, osati mu June atagulitsa manachesi ndi nandolo. Akayankha, ndimamulangiza kuti asankhe dikoda imene imasiyako matchanelo angapo a kwathu malipiro akatha, ndipo chitsulo choimikira dishi ndimachiika pamalo poonekera kumpoto ndi kummawa komwe, popanda mtengo wotchinga, kuti tsiku limene adzafune kutembenuza tisadzakumbenso dzenje lina.